Malamba a kampani, zitenje za amayi

Zaka zambiri ndinkayendetsa lole ya kontena, ija yotseka mbali zonse, ya zitseko ziwiri kumbuyo. Ntchito yake inali yaukhondo. Ku depoti ku Lilongwe anthu ankapakira sopo, shuga, mafuta ophikira, n'kutseka zitseko, n'kukhoma loko wa kampani, ine ndili phee pamthunzi ndikumwa tiyi. Katunduyo sindinkamuona n'komwe. Kaya mvula igwe, kaya fumbi libuke, zanga zinali chiwongolero basi. Ndinkavala shati yoyera yosita bwino, ndipo ndikaima pa Linthipe kugula tomato, amayi a pamsika ankandiitana kuti bwana. Ndisaname, zinkandikomera.

Koma kontena inkapita kutali, ku Karonga, ku Nsanje, nthawi zina mpaka kudutsa malire. Kwathu, kapena ndinene kuti kwa mkazi wanga poti ine ndine mkamwini, ndi m'mapiri a ku Lobi, ndipo kumeneko ndinkangoonekerako mwa apo ndi apo. Pamudzi ankandilandira bwino kwambiri, ndipo n'zomwezo zimene zinkandiwawa. Ndikafika, nkhuku yafa. Ana anga omwe akundipatsa moni atagwada chapatali ngati abwera ansembe. Anthu akamakamba za malire a munda, za mbuzi imene yadya nyemba za eni, za denga la tchalitchi lodontha, ndikangoyandikira nkhani ija yasintha, ayamba kundifunsa za msewu wa ku Karonga. Maukwati ndi maliro ndinkazimvera pa foni zitatha kale. Paja amati mlendo ndi mame. Ine ndinali mame pakhomo pomwe nyumba yake ndinamanga ndi thukuta langa. Ndinkafuna kukhala munthu wa pamudzipo, osati mlendo wobwera Loweruka.

Ndiye nditamva kuti pakufunika dalaivala pa lole yotseguka, ndinathamangira kwa akapitawo athu. Lole yotseguka ndi ija ya thandala lokhalokha kumbuyo, yopanda denga, yopanda mbali. Inkanyamula feteleza, simenti, malata ndi matabwa kuchoka ku Lilongwe kupita m'misika ya ku Dedza konkuno, pa Linthipe, ku Mayani, ku Lobi. Madalaivala anzanga ankaithawa. Akapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kuphulika kuseka.

“Inu a shati yoyeranu? Mukudziwa kulemera kwa lona atanyowa?”

Ndinati ndiphunzira. Iwo anavomera kuti andiyese dzinja limodzi, koma anandiuza mosapita m'mbali. Katundu asanyowe, katundu asagwe, ndipo kumbuyo kusakwere munthu ngakhale atakhala m'bale wanga wa bere limodzi. Ndikangophonya, ndibwerera ku kontena ndipo ndisadzabwerenso kudzawavuta.

Wondiphunzitsa anali dalaivala mnzanga wachikulire, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Tsiku loyamba anangondisiya ndiphimbe ndekha matumba a feteleza ndi malona awiri, iye atakhala pa tayala akudya chimanga chootcha. Ndinayala lona wakutsogolo, ndinayala wakumbuyo pamwamba pake, ndinamanga, ndinapuma. Titangolowa mu M1, mphepo inalowa pamene malona awiriwo anakumana, wakumbuyo uja anatupa n'kuyamba kukupiza ngati chitenje pachingwe.

“Imani, bwana,” anatero. “Tisanafike ku Dedza tikhala titauluka.”

Ndi pomwe anandionetsa kuti umayamba ndi wakumbuyo, wakutsogolo n'kubwera pamwamba, kuti mphepo ndi mvula zizingotsetsereka. Anandionetsa kuponya lamba kuti adutse pamwamba pa katundu osapotana, kukoleka ngowe pansi pa thandala, ndi kukunga ndi chitsulo chake chija cholira kwete kwete. Anandiuzanso kuti matumba ukayenda nawo pang'ono amakhazikika ndipo malamba amakhwefuka, ndiye uyenera kuima n'kukunganso. Mpaka lero sindidutsa pa Linthipe osatsika kukagwira malamba.

Ha! Masabata oyambawo ndinaona zakuda. M'manja munatuluka matuza, msana unkachita kulira, ndipo m'mphuno munkangokhala simenti. Mphepo ya ku Dedza m'mawa imaluma zala, ndiye uzikoka lona wozizira uli pamwamba pa matumba. Mitambo ikangochita mdima cha ku mapiri, mtima uli m'mwamba. Kale maso anga ankangokhala kutsogolo, tsopano anaphunzira kukhala pa galasi la m'mbali. Komabe ndinayamba kuikonda ntchitoyi mosayembekezera. Katundu wanga ndinkamuona, ndinkamugwira ndi manja. Malata amene ndinatsitsa pa Mayani ndinkawapeza patapita nthawi akung'anima pa denga la munthu, ine n'kuliza hutala ndekhandekha. Ndipo chachikulu, masiku ambiri ndinkagona kunyumba.

Chovuta chinali anthu. Kontena palibe amene amaiimitsa, koma lole yotseguka ikamabwerera yopanda katundu aliyense amaiona ngati yake. Amayi a mitolo ya kabichi, abambo a matumba a kachewere, ana a sukulu, onse manja m'mwamba. Ena ndinkawadziwa, ena tinkapemphera limodzi. Ndinkangokweza dzanja n'kudutsa, ndipo ndikudziwa kuti kumbuyoko ankandinena kuti ndine wouma mtima.

Pamudzi, tsiku limene ndinatulukira nditavala ovolosi yotuwa ndi simenti, apongozi anga aakazi anaitanira mwana wawo kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa monong'ona kuti, “Kodi bambo a kwanu alakwa chiyani kuntchito?” Kwa iwo munthu sangavule shati yoyera mwa kufuna kwake. Mkazi wanga anandiuza zimenezi akuseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma pang'ono.

Apongozi aamuna ndiwo anakondwera. Anali nkhalamba yowonda, yokonda chipewa, mlimi wa chimanga ndi nyemba. Nawonso anabwera pamudzipo ngati mkamwini kalekale, ndipo anakalambira pomwepo. Ndikaimika lole pabwalo la tchalitchi ankabwera ndi ndodo yawo, kuizungulira, kufunsa kuti fetelezayu akupita kwa yani, matabwawa ndi a mtengo wanji. Zaka zonse zija ine ndi iwo tinkangopatsana moni basi. Dzinja limenelo tinacheza kuposa zaka zonsezo kuziphatikiza.

Anamwalira m'dzinja lomwelo, chimanga chili m'chiuno. Anali atadwala kwa kanthawi ndipo anagonekedwa ku chipatala cha mishoni. Uthenga unandipeza m'mawa ndili pa Mayani, nditangomaliza kutsitsa feteleza. Mkazi wanga analira pang'ono pa foni, kenako anati, “Atsibweni akuti mubwere ndi lole.”

Atsibweni amenewa ndi mlongo wawo wa apongozi aakazi, mwini mbumba, bambo wa thupi ndi mawu aakulu, wabwino mtima koma wosazolowera kukanidwa. Sanafunse ngati n'zotheka. Anali atauza kale anthu onse kuti galimoto ilipo, mkamwini wathu ali ndi lole, ndipo palibe anavutikanso kufuna ina. Mbali ina ndinamva kukoma kuti andiwerengera. Mbali ina ndinada nkhawa, chifukwa loleyo sinali yanga.

Ndinaimbira akapitawo. Iwo anati, “Pepani ndi zovutazi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kanyamuleni apongozi anuwo. Koma mundimvetse bwino. Bokosi limangidwe, ndipo kumbuyo kusakwere munthu. Lole imeneyo ilibe pogwira. Wina akagwa pamapiri paja maliro akhala awiri, ndipo inu ndi ine tonse ntchito yatha.”

Ndisananyamuke ndinasesa thandala lonse, ndinapempha madzi pa mjigo n'kulitsuka mpaka timibulu ta feteleza tonse titachoka. Ndinasankha malamba amene anali atsopanoko n'kuwapukuta.

Ku chipatala ndinapeza anthu adzaza pansi pa mitengo. Amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi anali akuimba motsitsa. Bokosi linali litagulidwa kale, thupi litakonzedwa. Amuna analinyamula n'kuliika pa lole bwinobwino, pamwamba pa lona amene ndinapinda kuti lisaterereke. Ndisanatembenuke n'komwe, anthu anayamba kukwera. Kwathu ndi mmene timachitira, amuna amakhala mozungulira bokosi ataligwira ndi manja, amayi akuimba njira yonse. Wina anali atakweza kale mtolo wa nkhuni ndi ndowa.

Ndinapita kwa atsibweni, ndinavula kapusi, ndinanena motsitsa mawu kuti anthu atsike, ndipo bokosi ndilimanga ndi malamba.

“Mwati bwanji, akamwini?”

Ndinabwereza.

Iwo sanatsitse mawu. “Mlamu wanga ayende yekha kumbuyoku? Atamangidwa ndi malamba a feteleza ngati thumba? Aaa, ayi! Kodi kwanuko maliro mumatero?”

Nyimbo inaima. Anthu onse maso pa ine. Mawu akuti kwanuko aja anandilasa, ndipo mtima wanga, umene suchedwa kukwera, unakwera. Pakamwa panali patafika kale mawu akuti ngati zili choncho musenze pamutu. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinawameza.

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Ndinati taonani loleyi, ilibe mbali, ilibe pogwira. Njira ya kwathu mukuidziwa, zitunda ndi matope. Pa chitunda chija cha pafupi ndi dambo lole ikangopendekeka, manja a anthu sangaligwire bokosi, ndipo ogwirawo apita nalo limodzi. Ndinanenanso zoona zake, kuti ndikakweza munthu ntchito iyi yandithera, ndibwerera ku maulendo akutali aja. Atsibweni anapukusa mutu. “Ntchito, ntchito. Ife tikunena za munthu.”

Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Ndikalola, dzinja lisanathe ndikhala ndili ku Karonga, kunyumba ndikuonekera mwa apo ndi apo ngati kale. Ndikakana, ndikhaladi pamudzi, koma ngati munthu uja anamanga apongozi ake ngati simenti, ndipo mbiri yotere kumudzi siifa. Konse kuwiri kunali kutaya chomwe ndinavulira shati ija.

Apongozi aakazi nthawi yonseyi anali atakhala pansi, atatsamira khoma la chipatala, amayi awiri atawagwirira. Anadzuka pang'onopang'ono. Ine sanandiyang'ane, paja mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti tonse timve.

“Uwauze bambo a ana akowo amange. Bambo ako asakagwere m'matope. Koma lambayo asakhudze bokosi.”

Atatero anamasula chitenje chapamwamba, chimene anafunda m'mapewa, n'kuchiyala pa bokosi chakumutu. Mkazi wanga anamasula chake n'kuyala chakumiyendo. Amayi a mphakati anaona, ndipo popanda wowauza anatenga malamba aja m'manja mwanga n'kuyamba kuwakulunga ndi zitenje zawo, kuyambira uku mpaka uko, mpaka mtundu wa lamba sunkaonekanso. Amene anakwera aja anatsika mmodzimmodzi. Mwini nkhuni anatsitsa nkhuni zake.

Ndinaika matabwa awiri m'mbali mwa bokosi kuti lisasunthe, ndinadutsitsa malamba ovala zitenje aja, ndinakoleka ngowe. Pofika pokunga ndinachita mantha, chifukwa chitsulo chija chimalira ngati uli ku depoti. Nditangoti kwete kamodzi, mayi wina wotsogolera nyimbo anaiyambitsa mokweza, anzake n'kulandira, ndipo kulira kwa chitsulo kunamira m'nyimbomo. Ndinakunga mofatsa, osati mmene ndimakungira matumba, ndikuyesa ndi dzanja mpaka nditakhutira. Misozi inanditsika ndili chogwada pa thandalapo, ndipo sindinaibise.

Kutsogolo kwa lole kumakwana anthu awiri kuwonjezera pa dalaivala. Apongozi aakazi anayenera kukwera, ndiye atsibweni anadziika pakati kuti mkamwini asakhale mogundana ndi apongozi ake. Ndi thupi lawo lija, giya ndinkachita kuisaka pansi pa bondo lawo. Ena onse anapanikizana m'kagalimoto ka aphunzitsi ena a pamudzi, ena pa njinga zamoto, ena pa minibasi, n'kumatitsatira pambuyo. Atsibweni anali akadali chitupire. Koma khosi linali lokhotera ku galasi la m'mbali, maso ali pa bokosi. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana.

“Ali bwino?”

“Ali bwino, atsibweni.”

Titayenda pang'ono ndinaima pambali pa msewu monga mwa chizolowezi, kuti ndikaone malamba. Atsibweni anatsika nane, anavula chipewa, n'kumanditsatira uku ndikuzungulira. Lamba mmodzi anali atakhwefukadi pang'ono. Anaona ndi maso awo ndikumukunganso. Titakweranso anasuntha bondo lija kuti ndizisintha giya bwino.

Pamphambano pamene njira ya kumudzi imasiyana ndi msewu waukulu tinapeza masamba atayalidwa kale pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndipo mudzi wonse unali utatsikira pomwepo kudzatichingamira. Otitsatira aja anatsika m'magalimoto mwawo. Apa atsibweni anatulutsa mutu pawindo n'kulamula ndi mawu awo aja kuti ana atalikire matayala, ndipo akuluakulu ayende m'mbali. Ine ndinaika giya yoyamba, lole n'kumayenda liwiro la munthu wapansi. Nditayang'ana pa galasi ndinaona anthu ali ndandanda mbali zonse ziwiri, aliyense dzanja lake lili pamphepete pa thandala, akuimba. Kontena ikanakhala khoma pakati pa iwo ndi malemu. Apa ankawaona, ankayenda nawo, ndipo amene anali wamtali ankafikira kugwira nsonga ya chitenje.

Pa chitunda cha pafupi ndi dambo matayala akumbuyo anaterereka ndithu, lole n'kupendekera kumanzere. Amayi anakuwa kuti mayo! Ndinaigwira bwino, inaluma nthaka, inakwera. Bokosi silinasunthe ngakhale pang'ono. Apongozi aakazi, amene njira yonse anali chete akuwerenga kolona, anangopumira m'mwamba n'kupitiriza pemphero lawo.

Pakhomo amuna anatsitsa bokosi n'kulowa nalo m'nyumba ya siwa. Amayi anamasula zitenje zawo pa malamba, aliyense n'kuzindikira chake. Ine ndinabweza lole ku Lilongwe masana omwewo, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera pa minibasi kudzaika maliro. Anthu anabwera ambiri, ansembe anafika, ndipo nkhalamba ija inagona pamudzi pomwe inakalambira, monga inkafunira.

Dzinja litatha akapitawo sananene chilichonse za kontena, ndipo ine sindinawakumbutse. Ndikadali pa lole yotseguka mpaka pano. Manja anauma, msana unazolowera, ndipo ovolosi ndili nazo ziwiri. Anthu a m'njira ndimawadutsabe, ena amandinenabe, kaya zawo izo.

Koma za pamudzi sindinadziwe msanga kuti zatha bwanji. Masiku a maliro anthu amakhala aulemu kwa aliyense, ndiye sungadziwe chimene chili m'mitima. Atsibweni ankandipatsa moni bwinobwino, koma nkhani ya malamba sanaitchulenso. Ndinkadzifunsa ngati anthu akundiona ngati amene ndinawafikitsa apongozi bwino, kapena amene ndinatsitsa anamfedwa pa galimoto.

Patapita masabata angapo chiikireni maliro, Loweruka lina m'mawa, ndinali ndikadali m'bulangete, kunja kuli nkhungu. Mkazi wanga anali atapita kumjigo. Ndinamva odi pakhomo, ndipo mawuwo anali a apongozi aakazi. Ndinayankha kuti mwana wawo watuluka.

“Sindikufuna iyeyo ayi, ndikufuna inuyo. Kodi mugona mpaka liti? Chimanga cha malemu sichinabandiridwe, udzu wafika m'mawondo. Khasu lawo lili pakhonde panga.”

Chikwatirireni pamudzipo anali asanandilankhulepo maso ndi maso chonchi, ndipo anayamba ndi kundidzutsa. Ndinavala msangamsanga, ndinakatenga khasu lija, ndinalowa m'munda mame ali thoo. Khasu ndinali nditalisiya kalekale, ndipo linandionetsa. Dzuwa litakwera iwo anabwera ndi chigubu cha thobwa, anachiika pansi, n'kuyamba kuyendera mizere imene ndinabandira. Sanapite patali.

“Mayo ine, nyemba zanga! Mwadula nyemba, bambo inu! Kodi maso anuwo amangoona msewu basi? Bwererani, muyambirenso apa.”

Atsibweni ankadutsa m'njira ya m'mphepete mwa munda, ndipo atamva anaima n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. “Musamusiye, alongo! Ameneyo ndi wathu, akapanda kumva mundiitane.”

Ndinakondwa kwambiri moti ndinachita kuwerama kuti asaone nkhope yanga. Ndinabwerera poyambira mzere uja n'kuyambiranso, apongozi ali chiimire kumbuyo kwanga, manja m'chiuno, kulondera nyemba zawo.